A Mpatuliro ndi Kalata ya Wowotcherera Zitsulo

Pa fakitale ina yosindikiza mabuku panalibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Kuyambira mwini wake mpaka mlonda wapageti, onse ankangoti a Mpatuliro. Dzinali linayamba tsiku lina pamene anaimitsa makina kwa theka la ola kuti pa kalendala ya sukulu ina aikepo kampatuliro kamodzi kokha, kachizindikiro kaja kokhala ngati mbululu. Woyendetsa makina anakalipa mpaka thovu kukamwa, koma kachizindikiroko kanaikidwa, ndipo dzina linamera mizu pomwepo.

Sanayambe ngati wokonza zolembedwa. Analowa pafakitalepo ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ntchito yawo ili yodula mapepala ndi chimpeni chachikulu chotsitsa ndi manja awiri. Sukulu anailekeza panjira bambo awo atamwalira, koma kuwerenga sanakusiye. Pepala lililonse lofika m'manja mwawo ankayamba aliwerenga kaye asanalidule, moti anzawo ankati ameneyu ndi mlesi wochenjera.

Tsiku lina chipatala china chaching'ono chinaitanitsa mapepala mazana asanu oti akamatidwe m'makoma. Atasindikizidwa, anawabweretsa kwa iwo kuti adule m'mbali. Iwo anawerenga lapamwamba, n'kusiya chimpeni chija, n'kupita nalo kwa mwini fakitale, mayi wamfupi wosachulutsa mawu amene antchito ankamutchula kuti Adona.

"Adona, izi tidule momwemu?"

"Palakwika pati?"

"Apa pakuti, 'Wodwala aliyense afe ndi khadi lake.' Ndikuganiza kuti amafuna kunena kuti afike."

Adona anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuvalanso. Anawerenga kawiri, kenako anaseka mpaka kugwirira tebulo. Sabata yotsatira anawapatsa tebulo lapakona pafupi ndi zenera, mtanthauziramawu wothothoka chikuto, lula yachitsulo ndi cholembera chofiira. Patebulo limenelo anakhalapo zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Ntchito ankaidziwa, zimenezo palibe angatsutse. M'chipindamo munkanunkha inki ndi palafini, makina ankagunda mpaka makapu kunjenjemera pashelefu, koma iwo akaika lula pansi pa mzere samamvanso kanthu. Pepala lililonse ankaliwerenga kawiri. Koyamba ankayambira pamwamba monga aliyense, kachiwiri ankayambira kumapeto kubwerera m'mbuyo, liwu ndi liwu, kuti nkhani isawanyenge maso. Makadi a ukwati, ndondomeko za maliro, mayeso a ana asukulu, timapepala ta m'mabokosi a mankhwala, zonse zinkadutsa pansi pa lula imeneyo. Chaka china anagwira khadi la ukwati limene linati mkwatibwi ndi mwana wa malemu uje, pamene aujewo anali moyo, ndiponso ndi amene anali atakhala pabenchi panja kudikira makadiwo.

Mawu amene ankawakonda kwambiri anali akuti kuphotchola. Wina akalemba kuti "nyumba langa" kapena "anthu ambiri wabwera", iwo ankazunguliza ndi chofiira chija n'kunena motsitsa, ngati dokotala wapeza nthenda, kuti, "Apa mwaphotchola." Wophunzira ntchito aliyense ankamufotokozera kuti kuphotchola ndi kuthyola lamulo la chiyankhulo, basi, ndipo mankhwala ake ndi kukonza pomwepo.

Vuto linali loti cholembera chija sichinkatsala kuntchito. Chinkapita nawo kunyumba m'thumba la malaya. Akamayenda mumsewu ankawerenga zikwangwani za m'masitolo akugwedeza mutu. Akazi awo, amene anali telala wosokera pakhonde, akawalembera kapepala ka zogula, kankabwerako katakonzedwa.

"Abambo," ankatero mayiwo akupalasa makina awo, "shuga wolembedwa molakwika amatsekemerabe."

Ana anali nawo atatu. Anyamata awiri anakula n'kupita kutali kukagwira ntchito, ndipo makalata awo anali aafupi kwambiri, pa chifukwa chimene bambo awo sanachiganizirepo. Pakhomo panatsala wamkazi, womaliza, amene aliyense ankangomutchula kuti Mzime. Iyeyu ankaphunzitsa pasukulu ya mkaka ya pafupi, ndipo ndi iye yekha amene ankatha kuwalanda bambo ake cholembera n'kuchibisa mu kabati popanda kukalipiridwa.

Chaka chimene Mzime anakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu, geti lapakhomo linaguluka. Anaitana wowotcherera zitsulo wa kuseri kwa msika, mnyamata wamtali, wamaso ofiira ndi utsi, mikono ili timabala tokhatokha ta moto wothetheka. Anagwira ntchito masiku awiri osalankhula zambiri. Geti litatha anabweranso kudzaona ngati likutsekeka bwino. Patapita sabata anabweranso kudzalithira girisi. Atabwera kachinayi, akazi a a Mpatuliro anati, "Geti limeneli likusamalidwa kuposa ife eni ake."

Patapita miyezi isanu ndi itatu, m'mawa wina akumwa tiyi, Mzime anaika envulopu pafupi ndi kapu ya bambo ake n'kutuluka msangamsanga. Iwo anaiika m'thumba n'kukaitsegula kuntchito, patebulo lawo lija, lula ili pomwepo, cholembera chili m'manja. Kalatayo inayamba motere:

"Okondeka bambo ndine mnyamata uja ndinakonza geti lanu ndilibe mau ambili koma mwana wanu ndimamufuna ndi mtima onse ndikupempha mundilole ndibwele ndizalankhule nanu ndikulonjeza kuti sazagona ndi njala ine ndili moyo"

Kunena zoona, kalatayo inawasangalatsa. Mnyamatayo ankamuona kuti ndi wakhama, wosamwa, wopereka moni bwino. Koma pamene mtima unkasangalala, dzanja linali pantchito yake. Linaika mpumiro pamene panalibe, linasintha "ambili" kukhala "ambiri", linabwezera "d" mu "sadzagona", linazunguliza "onse". Pofika kumapeto linali litakonza malo khumi ndi asanu ndi awiri. Pansi pake analemba ndi chofiira chomwecho kuti, "Ubwere Loweruka masana." Anaibwezera mu envulopu, kumata, ndipo madzulo anapatsa Mzime kuti akapereke. Mumtima ankati amuchitira mnyamatayo zabwino ziwiri pa ulendo umodzi: amulola, ndiponso amuphunzitsa.

Mzime anakasiya envulopuyo kushedi kumene mnyamatayo ankagwirira ntchito ndi anzake atatu. Mnyamatayo anaitsegula pomwepo, anzake atamuunjirira kuti amve yankho. Chimene anaona ndi pepala lofiira ngati lagwera m'magazi. Mmodzi anafunsa kuti, "Ndiye wakhoza zingati pa teni?" Anaseka mpaka wina kukhala pansi.

Loweruka a Mpatuliro anavala taye n'kukhala pabalaza kuyambira nthawi ya nkhomaliro. Akazi awo anaphika, anayala nsalu yatsopano patebulo. Dzuwa linapendeka, mlendo osaoneka. Mzime anadzitsekera kuchipinda. Lamlungu ndi pamene anatuluka n'kuwauza mayi ake zimene zinachitika, ndipo mayiwo anangoika manja pamutu. Kwa amuna awo sananene zambiri.

"Munthu wakupatsani mtima wake m'manja, inu mwauchonga ngati mayeso."

"Koma ndamuuza kuti abwere. Zalembedwa pansi pake, momveka bwino."

"Momveka bwino, eya," anatero mayiwo, n'kubwerera ku makina awo.

Sabata yonse m'nyumbamo munali zii. Mzime ankawapatsa moni, kuwaikira madzi osamba, koma osawayang'ana kumaso. A Mpatuliro ankaonabe kuti akuwalakwira. Lachisanu analowa mu ofesi ya Adona, amene tsopano anali atakalamba, akuyenda ndi ndodo, n'kuwafotokozera zonse poyembekeza kuti munthu wodziwa ntchito awaikira kumbuyo.

Adona anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa kuti, "Mawu anu aja, akuti kuphotchola, mumati amatanthauza chiyani?"

"Kuthyola lamulo la chiyankhulo."

"Ndiye mumawadziwa theka. Bambo anga sankatha kulemba ngakhale dzina lawo, koma mawu amenewo sankachoka pakamwa pawo. Munthu akafunsa mayi wonenepa kuti mwana abadwa liti, iwo ankati waphotchola. Wina akaitana mkazi wa mnzake ndi dzina la mkazi woyamba uja anasiyana naye, waphotchola. Wina akayamba nthabwala pamene anthu akulira, waphotchola. Sikuti anthu amenewo anali oipa mtima ayi. Anangoponda pamene sipapondedwa." Anasisita ndodo yawo. "Mnyamatayo waphotchola papepala. Zimenezo timafufuta n'kusindikizanso. Inu mwaphotchola pa munthu, ndipo makina ake ine ndilibe. Pitani nokha."

A Mpatuliro anabwerera patebulo lawo, koma tsiku limenelo lula inakhala pa mzere umodzi mpaka nthawi yoweruka. Anakumbukira makalata aafupi a ana awo aamuna. Anakumbukira wophunzira ntchito wina amene anasiya patangotha mwezi osatsanzika. Manyazi anawagwira ngati malungo, kuyambira kumsana.

M'mawa mwake, Loweruka, anavala taye yomwe ija n'kupita kuseri kwa msika. Shediyo inali ya malata, pansi pali zidutswa za zitsulo ndi nthambo za magetsi zopiringizana, pakhoma atatsamiritsa mafelemu a mawindo. Mnyamata uja anali atawerama, chigoba chakuda kumaso, moto ukuthetheka. Mnzake anamugwira paphewa. Atavula chigobacho n'kuona amene wabwera, anayang'ana uku ndi uku kufuna mpando, n'kupeza chigubu, n'kuchipukuta ndi malaya ake.

A Mpatuliro sanakhale. Munjira monse anali atakonza mawu abwino, oyalana bwino, koma atafika onse anabalalika.

"Ndabwera kudzapepesa," anatero. Anaona kuti anzake aja akunamizira kugwira ntchito makutu ali kuno, ndiye anakweza mawu kuti amve bwino. "Munandilembera kalata yaulemu. Ine ndinaiyankha mopanda ulemu. Wolakwa pa nkhani imeneyi ndine, osati inu."

Aka kanali koyamba kumutchula mnyamatayo kuti inu. Iye anayang'ana pansi, akukanda chitsulo ndi chala.

"Bambo, zinandiwawa, sindinama. Ine sukulu ndinalekeza kalasi yachisanu. Kalata ija ndinailemba masiku atatu." Analowa m'kachipinda ka kuseri n'kutulukamo ndi kope la ana asukulu. "Sikuti ndinathawa. Ndimafuna ndibwere ndi yolembedwa bwino. Koma ndikailemba, ndikaiwerenga, ndimaona ngati muli china cholakwika, ndiye ndimayambanso."

A Mpatuliro anatsegula kopelo. Kalata yomwe ija inali italembedwa kasanu ndi kamodzi, tsamba ndi tsamba, zilembo zikuluzikulu zodinikiza mpaka kuboola pepala, m'mbali muli zidindo za zala zakuda. Maso awo anaona okha kuti mu yomalizayo munatsala zolakwika ziwiri. Anatseka kopelo osanena kanthu, ndipo pa moyo wawo wonse aka kanali koyamba.

"Yoyamba ija ili kuti?"

"Ija ndinaiwotcha tsiku lomwelo, bambo. Ndi moto womwewu."

"Munachita bwino."

Amene anafunsa za teni uja ndiye anayamba kuseka, kenako onse, ndipo a Mpatuliro anakhala pachigubu chija. Anyamatawo anawagulira botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi, iwo n'kumwa taye ili m'khosi, m'kati mwa phokoso la nyundo. Masana a tsiku lomwelo mnyamatayo anafika pakhomo atavala malaya oyera ongogula kumene, mizere ya m'paketi ikuonekabe.

Ukwati unachitika chaka chotsatira. Makadi anasindikizidwa pafakitale pomwe paja, ndipo a Mpatuliro anawawerenga okha kanayi. Patapita zaka zitatu ndi pamene akazi awo anawaululira kuti pamakadi onsewo panalembedwa "mkwatibi". Mkamwiniyo ndi amene anaona tsiku lomwe makadi anafika, n'kupempha aliyense kuti asawauze.

Zaka zinapita. Adona anamwalira, mwana wawo anabweretsa makompyuta, ndipo a Mpatuliro anapuma pantchito ali ndi zaka makumi asanu ndi zitatu. Ankakhala pakhonde pafupi ndi makina a akazi awo, kuwerenga nyuzipepala, kuthirira maluwa. Anayamba kulembera ana awo aamuna, ndipo mayankho akabwera ankawawerenga cholembera chili m'kabati. Pang'ono ndi pang'ono makalata aja anayamba kutalika.

M'mawa wina, patatha zaka zisanu ndi chimodzi chipumireni, anawerama kuti amange nsapato ndipo dzanja lamanja linakana. Anafuna kuitana akazi awo, pakamwa panatuluka phokoso lokha. Mkamwini ndi amene anafika msanga, ndi galimoto yonyamulira zitsulo ya mnzake, n'kuwanyamula m'manja ngati mwana. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anagonako masabata atatu.

Anabwerako mwendo ndi dzanja lamanja zili zolemera ngati za munthu wina. Koma chimene chinawapweteka koposa chinali lilime. Nzeru zinali bwinobwino, ankamva zonse, ankadziwa chimene akufuna kunena, koma mawu ankasochera panjira. Akafuna madzi ankati nsapato. Akafuna kuitana Mzime ankati Lachiwiri. Ndipo khutu lawo, lija linagwira zolakwa za anthu zaka makumi atatu, linkamva bwinobwino kulakwa kulikonse, osatha kuchitapo kanthu.

Ana aamuna aja anabwera kudzawaona. Anali ndi chikondi, koma ankawakonza. "Ayi bambo, si nsapato. Nenani kuti ma-dzi. Tiyeni, ma-dzi." Anzawo a kufakitale ankabwera n'kumawalankhula mokweza, pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi mwana wa ku sukulu ya Mzime. Mayi wina woyandikana nawo anafunsa akazi awo, iwo ali pomwepo, kuti, "Koma mutu ukugwirabe?" Kuyambira tsiku limenelo a Mpatuliro anatseka pakamwa. Ankangoloza ndi dzanja lamanzere, ndipo akapanda kuwamvetsa ankatembenukira kukhoma.

Mkamwini ankabwera tsiku lililonse nthawi ya nkhomaliro, ovolosi ili m'thupi, tepi yoyezera ili m'thumba. Sankafunsa kuti mwadzuka bwanji kenako n'kudikira yankho monga ankachitira ena. Ankangopereka moni n'kuyamba ntchito. Anayeza kuchokera pabedi kukafika pakhomo, pakhomo kukafika kubafa, n'kumangirira mapaipi m'makoma oti azigwirira. Pogwira ntchitoyo ankalankhula za kushedi: za kasitomala amene anafuna geti lalitali kuposa mpanda wake, za chitsulo cha masiku ano chimene chimapindika ukangochiyang'ana.

Tsiku lina kunja kunachita mphepo, ndipo a Mpatuliro anaiwala kuti analeka kulankhula.

"Apongozi, tsekani... mbuzi."

Atangomva zimene anena, anatsinzina kudikira kukonzedwa. Mkamwiniyo anayang'ana kumene maso awo analoza, n'kupita kukatseka zenera.

"Yachulukadi mphepoyi," anatero, n'kupitiriza nkhani ya kasitomala uja.

Mawa lake zinachitikanso. Anati akufuna sopo, akuyang'ana wailesi, ndipo mkamwini anaitsegula n'kufunsa ngati akufuna nkhani kapena nyimbo. Nthawi zina ankaphonya, n'kubweretsa chipewa m'malo mwa pilo, ndiye ankati, "Pepani bambo, mutu wangawu ndi wachitsulo, tayambiraninso." Kulakwa ankakutenga kukhala kwake. Pofika mwezi wachiwiri, a Mpatuliro ankalankhula momasuka ndi munthu mmodzi yekhayo, ndipo mwa mawu khumi, anayi kapena asanu ankafika pamalo pake. Akazi awo ndi Mzime anaona zimenezi, nawonso anasiya kukonza.

Tsiku lina mkamwini anabwera ndi pepala. Sukulu ina inamupatsa ntchito yopanga chikwangwani chachitsulo cha pageti, zilembo zodula ndi moto.

"Bambo, chitsulo sichifufutika. Ndikalakwitsa chilembo chimodzi, ndataya pepala lonse lachitsulo. Tandionereni."

Anawaikira pepalalo pamiyendo, n'kutenga cholembera chofiira chija m'kabati, n'kuwagwiritsa kumanzere. A Mpatuliro anali asanayese kuwerenga chidwalireni, poopa kupeza kuti nakonso kunapita. Anayang'ana. Zilembo zinayamba zasambira, kenako zinakhazikika. Pa mzere wachiwiri panalembedwa "Maphunzilo". Dzanja lamanzere linajambula mkombero wokhotakhota ngati dzira losweka, koma linazunguliza chilembo choyenera. Anapezanso china pa mzere wachinayi. Atamaliza anapeza kuti misozi ikugwera papepala, ndipo mkamwini anali atatuluka panja kukayang'ana paipi imene inalibe vuto lililonse.

Madzulo ake apongozi ake aakazi anamukokera pambali. "Nenani zoona, zolakwika zija munaziikamo dala?"

"Amayi, ine mpaka kuchita dala? Zimabwera zokha."

Kuyambira pamenepo chikwangwani chilichonse cha kushedi chinkayamba chadutsa pamiyendo ya a Mpatuliro. Owotcherera ena a kumsika atamva, nawonso anayamba kutumiza mapepala awo.

Kuchipatala a Mpatuliro ankapita Lachitatu lililonse kukaphunzira kuyenda. Choyendera chimene anawabwereka kumeneko chinali chachifupi, chowaweramitsa ngati akusaka ndalama yotayika. Mkamwini anachiyang'ana kamodzi, n'kuwayeza kuchokera pansi kufika m'chiuno, ndipo patatha masiku anayi anabwera ndi china chopanga yekha. Chinali cha mapaipi opepuka, zogwirira zake za njinga, kutsogolo timatayala tiwiri, pakati kampando kopinda kuti akatopa azikhala. Kumanja anaikako kachikombe kolowetsamo dzanja lofooka lija kuti lisamaterereke. Anachipaka utoto wobiriwira. Ndi chimenecho a Mpatuliro anafika pakhonde, kenako pamsewu, kenako mpaka pagolosale ya pakona, akazi awo akuyenda pambali n'kumauza aliyense wokumana naye kuti abambo agula galimoto.

Patatha chaka ndi theka ankayenda ndi ndodo yokha. Mawu anabwerera ambiri, ngakhale kuti akatopa ankasocherabe. Chimene chinkawavuta mumtima chinali choti anali asanamuthokoze mkamwini wawo mmene ankafunira. Kwa sabata yathunthu anakonza mawu, akazi awo akuwalembera pakapepala, iwo n'kumayeseza pakhonde. Anali mawu ambiri ndithu, ofotokoza zonse kuyambira pachiyambi.

Lamlungu banja lonse litadya, anagwira ndodo n'kuimirira. Anatsegula pakamwa, ndipo mawu onse aja anapita ngati mbalame zoombedwa m'manja. Anaima choncho, thukuta likutuluka. Mzime anafuna kuwathandiza, mayi ake anamugwira dzanja.

"Mwana wanga," anatero pomaliza, akuyang'ana mkamwiniyo. "Zikomo."

Mkamwini anaimirira, n'kugwira dzanja lawo lofooka lija ndi manja ake onse awiri okhakhala. "Ndamva, bambo," anatero. "Khalani pansi, tiyi akuzizira."

Choyendera chobiriwira chija sichinakhalitse pakona. Kuchipatala kuja a Mpatuliro anali atazolowerana ndi dalaivala wina wa basi amene anagwidwa ndi nthenda yomweyo, bambo wamkulu thupi amene choyendera chilichonse chinkamuchepera. Anapempha mkamwini kuti achikuze pang'ono n'kukampatsa. Mayi wophunzitsa odwala kuyenda atachiona anachitembenuza uku ndi uku, kuchikhalira, kuchikankha, n'kufunsa kuti anachigula kuti. Mwezi womwewo anatumiza anthu atatu kushedi.

Masiku ano theka la ntchito ya pashedipo ndi zoyendera. A Mpatuliro amapitako m'mawa katatu pa sabata. Mkamwini anawapangira mpando wawo pafupi ndi khomo, kutali ndi moto. Odwala akabwera kudzayezedwa, ambiri amafika atakwinya nkhope, ena osalankhula n'komwe, achibale ndi amene amawayankhulira. A Mpatuliro amawauza achibalewo kuti apite kaye akaone msika. Kenako amaimirira, kugwira choyendera, n'kumuonetsa wodwalayo mmene angatembenukire pakona osagwa, mwendo wabwino patsogolo, wofooka pambuyo.

Sabata yatha kunabwera mayi wina, mphunzitsi wopuma, amene chidwalireni anali asanalankhule ndi munthu wachilendo. Atayenda kuchokera pakhomo kufika pamulu wa mapaipi n'kubwerera, anakhala pakampando kaja akupuma mwabefu, n'kuyang'ana chigubu cha madzi chimene chinali pakona.

"Ndikufuna... belu," anatero, kenako anagwira pakamwa.

A Mpatuliro anatunga madzi m'kapu n'kuwapatsa.

"Imwani, mayi. Kwatentha lero. Mukapuma tiyendenso kamodzi."